Mbendera Yomwe Inakana Chigoli cha Dago

Kwa zaka makumi atatu ndi zitatu mlongo wanga Dagoberto sanaponde m'nyumba mwanga, koma panalibe Lamulungu lomwe sanadye chakudya changa. Musadabwe. Kuno ku Puerto Almendro munthu amatha kudana ndi nyumba, osadana ndi khitchini yake.

Ankafika Misa yachiwiri ikangotha. Ankaimika basi yake pakona, n'kudzaima m'mphepete mwa khonde langa, nsapato zitatsala pang'ono kukhudza simenti. Ine ndinkatuluka ndi mbale ya sancocho, msuzi wathu wa nsomba, iye n'kutambasula mkono, kulandira, n'kukakhala pansi pa mtengo wa kutsidya kwa msewu. Amuna anga a Eulogio ankakhala pakhonde pomwepo pampando wawo wogwedera, akudya sancocho yemweyo. Nsomba imodzi, wina mutu wina mchira, koma osapatsana ngakhale moni.

Nkhani yake ndi ya mpira, monga zilili nkhani zambiri zopusa za amuna a kuno. Mu 1991, pa chikondwerero cha Amayi Maria a ku Karimeli, timu ya dera lathu, Pescadores, inakumana ndi La Loma mu ndime yomaliza ya chikho cha tauni. Dago, yemwe ndi wamng'ono kwa ine ndi chaka chimodzi, ndiye anali womwetsa zigoli wathu. A Eulogio anali telala wachinyamata, chibwenzi changa, ndipo masiku a mpira ankathamanga m'mbali mwa bwalo ndi mbendera kuthandiza woyimbira. Kutatsala mphindi ziwiri, matimu akufanana mphamvu, Dago analandira mpira, kuzemba goloboyi, n'kuugoneka mu ukonde. Asanafike n'komwe pakona kukavina, anaona mbendera ya a Eulogio ili m'mwamba. Ofusayidi. Chigoli chinakanidwa, La Loma inapambana pa mapenate, ndipo bambo wina wa kope m'manja, yemwe ankati wachokera ku timu yaikulu ya ku Barranquilla kudzasaka osewera, anakwera basi ya madzulo osafunsa dzina la munthu aliyense. Ine ndinalipo tsikulo, ndipo ndinkadziyesa kuti ndikukumbukira zonse.

Mawa lake Dago anapita kutchalitchi, n'kugwada pamaso pa chifanizo cha Amayi Maria, n'kulumbira kuti sadzaponda pakhomo pa Eulogio Barraza mpaka munthuyo atavomera ndi pakamwa pake kuti analakwitsa. Lumbiro lotere kuno salichita masewera, makamaka munthu amene anadzakhala dalaivala, poti Amayi a ku Karimeli ndiwo amasunga madalaivala pamsewu. Vuto linabwera nditakwatiwa, pakhomo pa a Eulogio patasanduka pakhomo panga, sancocho yemwe. Dago anapita kwa bambo mfumu kukafunsa kuti kodi nyumba imathera pati. Bambo mfumu a nthawi imeneyo ankakonda mpira kuposa ulaliki. Anagamula kuti khonde ndi nyumba, ndipo phazi, bondo, mutu ndi mimba siziyenera kudutsa mzere wa simenti, koma mkono suwerengedwa, monga momwe zimakhalira pa ofusayidi. Ndiye Dago ankalandira mbale yake ndi mtima woyera. Zaka zitapita, mimba itakula, ankaima chapatali pang'ono.

A Eulogio ndi munthu wofatsa, woti udzudzu amayamba waupepesa asanauphe, koma pa nkhani iyi anali mwala. Pakhoma la shopu yawo anthu analembapo kangapo konse kuti wakuba, iwo n'kumangopakapo laimu. Makasitomala ena anasamukira kwa telala wa ku La Loma, yemwe amasoka thalauza mwendo wina wautali. Ukawafunsa, yankho linali limodzi, loti ndinaona zomwe ndinaona, kenako n'kupitiriza kupalasa makina awo.

Ine ndinali pakati, koma sindinali chete. Mulungu anandipatsa mawu omveka mpaka kumsika ndipo sindinawasunge m'bokosi. Ndinkawauza onse awiri kuti ndi makanda a ndevu, kuti dziko lili ndi mavuto enieni, kuti chikho chomwe akulimbiranacho chinali chachitini ndipo pano amayi ake a goloboyi wa La Loma anadzalamo maluwa. Zinkangolowera khutu ili n'kutulukira linali, ndipo nanenso ndinafika pozolowera. Koma zaka zitatu zapitazo amayi athu anamwalira, maliro n'kukhala pabalaza panga. Dago anawalira ali panja, ataima pa kabokosi m'kanjira ka m'mbali mwa nyumba, akusuzumira pawindo. Chimenecho chinandiwawa, ndipo chikundiwawabe. Ndinadziuza kuti ine sindidzaliridwa pawindo. Mlongo wanga adzalowa m'nyumba mwanga ndikadali ndi maso, adzakhala pampando ngati munthu.

Njira anandipatsa ndi VAR. Mukuidziwa inu, ija yoti chigoli chikalowa anthu ena obisala m'kachipinda amayamba kuchibwezabweza pa kanema ndi kujambula mizere. Kuno inagawa anthu kuposa chisankho. Tsiku lina timu ya dziko lathu inagoletsa mphindi yomaliza, msewu wonse unatuluka, makombola anaphulika, wabutchala anapsompsona wapolisi yemwe anamumangapo kawiri. Patapita mphindi zisanu chigoli chinakanidwa chifukwa cha phewa. Wabutchala uja mpaka lero amafunsa kuti kupsompsona amakubweza bwanji.

Lamulungu lotsatira nkhaniyo inafika pakhomo panga, mwa njira yawo yolankhulirana osalankhulana.

"Makina amenewa akanabwera kale," Dago anauza mtengo wake mokweza, "akuba ena tikanawagwira masanasana. Bwenzi anthu ena pano tili ku Ulaya, osati kumayendetsa basi yopanda zitseko."

A Eulogio anauza supuni yawo kuti mpira wa masiku ano wasanduka bwalo la milandu, munthu sungakondwere usanaone chikalata, ndipo pali zinthu zina zomwe kanema sayenera kuziona. Ine ndinauza onse awiri kuti msuzi ukuzizira.

Patangopita milungu iwiri, Doña Casilda anabwera ndi katoni. Iwowa ndi mkazi wa malemu Don Nicanor, omwe anakagwira ntchito ku Venezuela kalekale n'kubwerako ndi kamera yaikulu ngati kamwana ka mbuzi, yonyamula paphewa. Anajambula chilichonse m'tauni muno, maukwati, maubatizo, ngakhale ng'ombe yomwe inagwera m'chitsime. Doña Casilda ankayeretsa m'nyumba ndipo ankagawira anthu matepi awo. Pofufuza ya ukwati wanga, dzanja langa linagwera pa ina yolembedwa kuti chikho, 1991. Mlandu suola.

Ndinaiganizira bwino nkhaniyo, ndipo ndinadziona wochenjera. Tepi ikaonetsa kuti a Eulogio analakwitsa, avomera, poti bodza saalidziwa, ndiye Dago alowa. Ikaonetsa kuti Dago analidi ofusayidi, ndinali nditafunsa kale kwa bambo mfumu atsopano, omwe anati lumbiro lomangidwa pa cholakwika limadzimasukira lokha. Uku ndapambana, uku ndapambana. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye ndinalengeza ndekha kumsika kuti Lamulungu likudzalo, tikatha kudya, pakhomo panga pakhala VAR.

Nditawauza a Eulogio, makina awo osokera anaima pakati pa mzere.

"Ludys," anatero, "tepi imeneyo uibweze kwa eni ake."

"Mukuopa chiyani? Si munaona zomwe munaona?"

Anayambanso kupalasa makina awo. Lachitatu tepi inasowa, ndinakaipeza m'thumba la zigamba. Lachisanu anandiuza kuti Lamulungu tipite ku Cartagena tikapumeko mphepo ya kunyanja, munthu woti chikwatirane sananditengereko ngakhale kukamwa juwisi pakona. Apo ndinatsimikiza kuti akudziwa kuti analakwitsa, ndipo ndinawauza kuti kunyada kwawo kwandidyera zaka zokwanira. Tepi ndinagona nayo pansi pa pilo.

Deki yoonetsera matepi inapezeka kwa aphunzitsi a Plutarco, omwe anaphunzitsa masamu theka la tauni ino asanapume, ndipo satayapo kanthu. Koma dekiyo sinkagwirizana ndi TV zopyapyala za masiku ano. Tinatulutsa TV yathu yakale, ija ya chimsana, yomwe inali kuchipinda chakumbuyo itafunditsidwa nsalu. Inatenga amuna awiri ndi matemberero angapo kuti ifike m'mphepete mwa khonde, itayang'ana kumsewu, popeza wodandaula wamkulu sakanatha kulowa.

Anthu anabwera ngati kuli ukwati. Mipando inatseka msewu, wogulitsa madzi oundana anaimika ngolo yake, madomino anasiyidwa pakati. Otsala a matimu onse awiri anakhala mbali ziwiri, Pescadores uku, La Loma uko, amuna a madazi ndi mimba, ena ndi ndodo. Dago anavala yunifolomu yake ya nambala 9, yomwe inkathera pamwamba pa mchombo. A Eulogio anakhala pampando wawo kumbuyo kwa TV, komwe sakanatha kuona kanthu.

Aphunzitsi anafika ndi rula, ulusi, cholembera chakuda ndi mahedifoni omwe chingwe chake chinkangolendewera osalowa paliponse. Nditawafunsa, anati a pa TV amavala, ndipo chilungamo chimafunika kuoneka ngati chilungamo. Analengeza kuti mawu a tepi awatseka kuti asasokoneze maganizo, ndipo palibe woyankhula mpaka iwo atagamula. Lamulo limenelo linakhala moyo kwa mphindi imodzi.

Tepi inayamba ndi ulendo wa chifanizo m'misewu, kenako galu, kenako miyendo ya Doña Casilda kwa nthawi yaitali ndithu, mpaka eni miyendowo anaphimba nkhope ndi mpango. Ndiye bwalo linaoneka, lafumbi, lodzaza. Anthu anayamba kudziloza. Uyo ndine, taonani tsitsi! Wabutchala anakana kuti kamnyamata koonda kali pamtengo ndi iyeyo. Kenako kamera inadutsa pa amayi athu akukazinga arepa, zitumbuwa zathu za chimanga, kumbuyo kwa golo, akukalipira munthu wina amene sankaoneka. Ndinayang'ana Dago. Ankapukuta m'maso ndi nambala 9.

Itakwana mphindi ija, aphunzitsi anaimitsa tepi. Apa ndi pomwe tinaphunzira kuti tepi yakale ukaiimitsa siima, imanjenjemera ngati munthu wamalungo, ndipo mizere yoyera imadutsa pakati penipeni pomwe ukufuna kuona. Aphunzitsi anamata ulusi pagalasi. Anati Dago ali kumbuyo kwa wotchinga womaliza ndi zala ziwiri. Mbali ya Pescadores inaimirira. A La Loma anakuwa kuti mpira sunachoke kuphazi, aisunthe pang'ono. Anaisuntha. Tsopano Dago anali kutsogolo ndi zala ziwiri. Mbali ya La Loma inaimirira. Pakati pa zithunzi ziwirizo panalibe china, ndipo mpirawo unali kadontho koyera koti ena ankati ndi mpira, ena ankati ndi chimbudzi cha ntchentche. Doña Casilda anakapukuta ndi mpango, sikanachoke.

Evaristo, yemwe anali wotchinga womaliza wa La Loma, analumbira kuti mwendo wooneka kumbuyowo si wake, poti iye tsiku limenelo anavala sokosi zofiira za mlongo wake. Wina anati ndi wa galu uja. Wina anakumbutsa kuti bwalo lathu silinakhalepo lowongoka, chifukwa mbali ya kumanda analipinda polemekeza mtengo wa mango. Aphunzitsi anayeza mtengo wa mangowo ndi rula n'kusuntha ulusi. Doña Casilda anaonjezera kuti malemu amuna awo anali ndi mwendo umodzi waufupi ndipo zithunzi zawo zonse zimapendekera kumanzere, ngakhale akwati. Aphunzitsi analamula kuti aike njerwa pansi pa TV mbali imodzi. Dago anabwerera kumbuyo kwa ulusi. Evaristo anachotsa njerwa.

Ola lathunthu linatha choncho. Anthu omwe dzulo lake ankatukwana a VAR a pa TV kuti amachedwa mphindi zisanu anali atatuluka thukuta, akuyeza bondo la munthu ndi chala. Ine mtima unayamba kulefuka. Ndinaona kuti tepi yanga singomaliza mkangano wakale, yabala ana.

Ndiye Doña Casilda, omwe sadziwa kusiyana kwa penate ndi kona, analoza m'munsi mwa galasi, komwe palibe ankayang'anako.

"Kodi nanga a Eulogio bwanji akuyang'ana kuno?"

Tonse tinatsitsa maso. Pansi pakona panali mnyamata woonda, wa kabudula wakuda, mbendera m'manja. Mpira unali kumbuyo kwake. Dago anali kumbuyo kwake, Evaristo ndi galu yemwe. Nkhope yake inali itatembenukira kwa anthu oonerera, pafupi ndi pomwe panali kamera. Aphunzitsi anasuntha tepi pang'onopang'ono. Mnyamatayo anakhalabe choyang'ana kwa anthu, pakamwa pali yasa, kenako mkono wake unakwera ndi mbendera. Anatembenukira kubwalo mbendera ili kale m'mwamba.

Aphunzitsi anavula mahedifoni. Anati mwina munthuyo ankaweruza ndi khutu, tiyeni titsegule mawu timve nthawi yomwe phazi linamenya mpira. Dzanja lawo lisanafike pa kabatani, mpando wogwedera unalira. A Eulogio anaimirira, kuzungulira TV, n'kuima pamaso pa msewu wonse, manja ali kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Musavutike, aphunzitsi," anatero. Ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere 1991 anayang'ana mlongo wanga kumaso. "Alamu, sindinaone kanthu. Mbendera ndinakweza ndisanaone. Chinali chigoli, ndinakulakwirani. Tsopano zimitsani, anthu azipita kwawo."

Mukanaona zomwe zinachitika. Dago anaima kaye ngati wamenyedwa ndi mphezi. Kenako anakuwa chigoli ndi mawu omwe anawasunga zaka makumi atatu ndi zitatu, n'kuyamba kuthamanga kulowera kukona ya msewu, manja ali m'mwamba. Anafuna kuvula yunifolomu koma inakakamira m'khwapa. Anafuna kutsetsereka ndi maondo, maondo anakana, anangogwada bwinobwino ngati ali ku Misa. Madoda a Pescadores anamutsatira ndi ndodo zawo n'kumugwera pamwamba mmodzimmodzi, mosamala. Evaristo ankakuwa kuti chikho sichibwezedwa, muli maluwa.

Ine ndinali ndi mitima iwiri. Ndinakondwa, chifukwa lumbiro linali litamasuka. Koma ndinapsanso mtima ndi munthu yemwe ndinagona naye bedi limodzi zaka zonsezi akundiuza kuti anaona zomwe anaona. Ndinamuyang'ana ndi diso loti tikambirana anthu akapita, ndipo ndinayamba kale kusanja mawu m'mutu.

Dago anabwerera akupuma wefuwefu, fumbi m'maondo. Anati sakupita kwawo asanamve mmene bwalo linachemerera chigoli chake, poti tsiku lija makutu ake anangomva wezulo basi. A Eulogio anati palibe chifukwa, nkhani yatha. Dago anati wakuba sasankhira mwini katundu. A Eulogio anaika dzanja pa deki, koma Dago, ali kunja kwa mzere wa simenti mwa chizolowezi, anatambasula mkono wake wozolowera kulandira mbale, kubweza tepi, n'kupotokola kabatani mpaka kumapeto.

Phokoso la 1991 linadzaza msewu. Ng'oma, malipenga, Don Nicanor akutsokomola. Kenako, pafupi kwambiri ndi kamera, mokweza kuposa ng'oma ndi malipenga omwe, panamveka mawu a mtsikana.

"Eulogio! Iwe Eulogio! Kweza mbendera imeneyo! Ukapanda kukweza, pawindo panga usadzabwerenso!"

Kamera inagwedezeka, n'kutembenukira kwa wokuwayo. Anali atavala diresi yachikasu. Koma panalibe chifukwa chotembenukira, poti palibe munthu ku Puerto Almendro amene sawadziwa mawu amenewo. Agalu a mumsewu mwathu omwe anatukula mitu.

Ndikuuzeni zoona. Ndinkakumbukira kuti ndinakuwa, koma aliyense ankakuwa. Zomwe ndinakuwazo mutu wanga unali utazikwirira bwinobwino n'kudzalapo udzu. Nditaona diresi ija zonse zinabwerera. Ndinaisoka mwezi wathunthu kuti ndikavine nayo kudansi ya chikondwerero. Mmawa wa tsikulo Dago anandineneza kwa bambo athu kuti telala uja amabwera pawindo langa, ndipo bambo anati kudansi sindipita. Ndinapita kumpira ndi diresi yanga ndi mkwiyo wanga, n'kukaima kumbuyo kwa a Eulogio. Ofusayidi sindinkaidziwa n'komwe. Ndinkangodziwa kuti mbendera ikakwera, chigoli chimafa. Ndipo kwa zaka zonsezi ndinkayenda pakati pa amuna awiriwa ndi mbale m'manja, ndikuwaphunzitsa kukula.

Anthu anayesa kudzigwira. Wabutchala ndiye anayamba, kenako msewu wonse unagwa ndi phwete. Evaristo anabwera kudzandigwira chanza m'dzina la La Loma. Ine manyazi anandigwira mpaka kuzala za kumapazi, ndipo nthaka ya kuno ndi youma, siimeza munthu.

Dago yekha sankaseka.

"Ludys," anatero chapansipansi. "Chifukwa cha dansi?"

"Unandineneza kwa bambo," ndinayankha. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu, wa zidzukulu zinayi, ndipo yankho lomwe ndinapeza ndi limenelo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanatukwane, ndipo bola akanatukwana. Anakokera yunifolomu yake pansi n'kukaima payekha pafupi ndi basi. Sindikudziwa ngati bambo wa kope uja akanamutengadi, mwina ayi, Dago anali ndi phazi limodzi lokha labwino. Koma iye anakhulupirira moyo wake wonse kuti anamubera njira, ndipo tsopano anadziwa kuti wakubayo ndi yemwe ankamupatsa mutu wa nsomba.

Kuseka kunazilala. Anthu anayamba kukumbukira kuti asiya zinthu pamoto. Aphunzitsi anakulunga ulusi wawo n'kulengeza, popanda wowafunsa, kuti mwa masamu nkhani ya ofusayidi ikadali yosadziwika, n'kunyamula deki yawo. Amuna awiri omwe anatulutsa TV aja anasowa. Kumwamba mbali ya kudambo kunada, mphepo ya mvula inayamba kuulutsa mapepala, ndipo chi TV chija chinali chikhalire m'mphepete mwa khonde.

A Eulogio anachikumbatira okha. Anachitukula pang'ono, n'kuchibweza. Anayesanso, nkhope ikufiira, madontho oyamba akugwa pagalasi. Ine ndinali nditaima pachitseko ngati chipilala, manja osagwira ntchito.

"Alamu, muthyoka msana," anatero Dago kuchokera kumsewu. "Siyani. Gwirani mbali iyo."

Anaponda simenti osaiyang'ana n'komwe. Anagwira mbali yolemera, n'kulowa m'nyumba mwanga chafutambuyo, akulangiza a Eulogio kuti apendeke pachitseko, ayi osati choncho, kodi maso anu amagwira ntchito liti. Ndinawapatuka. Anakaitula kuchipinda chakumbuyo n'kubwerera pabalaza, onse akupuma mwamphamvu. Dago anayang'ana denga, makoma, zithunzi za ana anga.

"Kanyumba kakang'ono chonchi," anatero. "Ine ndimayesa chinyumba."

A Eulogio anamupatsa madzi, anamwa ataimirira. Dago anawafunsa ngati mawu aja a pa tepi amawamva tsiku lililonse, ndipo atavomera ndi mutu, anati ndiye kuti chilango munalandira kale, ine ndilibe choonjezera. Anati Lamulungu abwera, akufuna mpando wokhala ndi potsamira, ndipo a Eulogio auze mkazi wawoyo kuti iye sakumuyankhula, komanso achepetse mchere. Anatuluka m'mvula osandiyang'ana. Mlongo wanga anali atalowa m'nyumba mwanga, ndipo ndinali ndisanamvepo chisoni chotere.

Tinatsala awiri. Mvula inkamenya malata. A Eulogio anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta mapazi amatope omwe anatsala pansi, pang'onopang'ono, ngati palibe chachitika.

"Munkadziwa," ndinatero.

"Ndinkadziwa."

"Anakulembani pakhoma kuti wakuba. Makasitomala anathawa. Mukanangonena kamodzi kuti ndine ndinakutumani. Kapena mukanavomera kalekale kuti munalakwitsa, basi."

"Ndikanavomera, akanafunsa kuti ndinkayang'ana kuti. Dago safunsa kamodzi." Anafinya kansalu kaja m'ndowa. "Ndiye munthu woti adane naye akanakhala iwe. Ine ndili ndi abale asanu, Ludys. Iwe uli naye mmodzi yekhayo."

Anapitiriza kupukuta. Ndinafuna kuwakalipira, poti ndiyo ntchito yomwe ndimaidziwa, ndipo mawu ndinali nditawasanja kale. M'malo mwake ndinatenga kansalu kena n'kugwada pambali pawo.